Injini ya sitima nambala 993 ya ku Mulobezi inathera kuti? Chikwangwani chikupita kosindikiza Lachisanu

Wazakale: Akuluakulu thandizeni, mutu waima. Chithunzi chachionetsero chili ndi injini yanthunzi ya 4-8-0 (kasanjidwe ka mawilo ake) ya Zambezi Sawmills, kampani yamatabwa ya ku Zambia, pa kabu (pokhala woyendetsa) palembedwa 993. Wina akuti inadulidwa sikirapu, wina akuti ili ku England koma ikutchedwa 390. Ndi injini imodzi kapena ziwiri? Sindikufuna kulemba bodza pakhoma.

Fitala: Ndi imodzi, mayi. Inapangidwa ndi Sharp, Stewart ku Glasgow mu 1896, ya Cape Government Railways, 7th Class, nambala 390. Njanji za ku South Africa zitaphatikizidwa, mu 1912 inapatsidwa 993, Class 7A. Itakalamba inagulitsidwa kukakoka matabwa panjanji ya Livingstone mpaka Mulobezi. David Shepherd, wojambula nyama uja, ndiye anaitengera ku Britain m'ma 1970, ndipo pano ili m'manja mwa National Railway Museum.

Gogo Malasha: Nambala ya pa kabu si umboni. Ndi mabawuti ochepa chabe, munthu amamasula m'mawa umodzi. Injini ndi felemu, chitsulo chapansi chomwe chimanyamula zonse.

Wazakale: Agogo, felemuyo ili ku England, ine ndiiona bwanji?

Gogo Malasha: Ndiye musathamange. Mu 1952 pamaliro a King George VI ankafuna injini 4082 Windsor Castle kuti ikoke sitima yamaliro, koma inali kukonzedwa ku Swindon. Anangosinthanitsa dzina ndi nambala ndi 7013 Bristol Castle, ndipo sanabwezerenso. Ku Tyseley nako, kokonzera injini zakale ku England, anatenga ya kusikirapu ya ku Barry akuganiza kuti ndi 4983 Albert Hall, pokonza n'kupeza kuti felemu ndi ya 4965 Rood Ashton Hall.

Nachisale: Chenjezo langa lili pa boyila. Pokonza mwakuya ankaika boyila iliyonse yomwe yatha kukonzedwa, choncho nambala yake imakusocheretsani. Thenda, ngolo yamadzi ndi malasha kapena nkhuni ya kumbuyo kwa injini, ndiye kaya, imangoyendayenda. Ndodo zolumikiza mawilo zili ndi manambala odinda, koma pakampani yamatabwa yogula injini zakale ankaphwasula ina kuti ina iyende. Mukapeza manambala atatu osiyana pa injini imodzi musadabwe.

Fitala: Kwa amene akufufuza zomwe zili pafupi, monga za ku Livingstone Railway Museum: chopukusira ayi, chimadya zodindazo. Pemphani chilolezo, nyowetsani ndi palafini, pukutani ndi burashi yawaya yamanja, kenako walitsani tochi chammbali kuti timaenje ta manambala tichite mthunzi. Pakani choko, pukutani pamwamba, jambulani mutaika rula pambali. 3 ndi 8 zimanamiza zikachita dzimbiri.

Nachisale: Ndipo malata okuta boyila musawakhudze. Pansi pake nthawi zambiri pamakhala asbestos, yotchingira kutentha koma yoopsa mukaipuma, ikauma imauluka ngati ufa.

Gogo Malasha: Zonsezo n'zabwino, koma ndati felemu.

Fitala: Tamva agogo. Mayi, lemberani osunga injiniyo, muwapemphe nambala yakufakitale ya pa puleti la Sharp, Stewart ndi chithunzi cha zodinda za pa felemu. Posaka mabuku akampaniyo muyang'anenso pansi pa North British Locomotive Company, chifukwa inalowa mmenemo mu 1903. Pachikwangwani lembani manambala onse awiri ndi eni ake motsatana.

Gogo Malasha: Alembe "yodziwika kuti 993" mpaka chithunzi cha felemu chibwere.

Nachisale: Chithunzi chanucho chikuonetsa thenda? Mukaona nkhuni zili mulu pamwamba ndiye ndi ku Mulobezi ndithu, kumeneko ankasonkhezera zotsala zamatabwa, osati malasha.