Payiloti amene amauluka ndi amuna anga amasuta chamba, nditani?

Membala wobisa dzina: Admin chonde ndibiseni. Abale, nkhaniyi yandisowetsa tulo. Amuna anga amagwira ntchito pa famu ya nyama zakutchire ku Limpopo, m'dziko la South Africa, chaka chachinayi chino. Nyengo yowerenga ndi kugwira nyama ikakwana, pafamupo amachita hayala kahelikopita ka Robinson R44, ndipo iwo ndi amene amakwera nawo poti ali ndi diso lakuthwa. Kamauluka m'munsi zedi, kuchita kupepera nsonga za mitengo, zitseko atagulula.

Sabata yatha andiuza uku akuseka kuti payilotiyo madzulo amakhala kuseri kwa nyumba ya alendo n'kumasuta chamba, 6 koloko m'mawa ali kale m'mwamba. Lachiwiri akuti anadzuka ndi chimfine, n'kumapapira mankhwala a m'botolo, kenako anyamuka. Ine sindinaseke nawo. Iwo akuti munthuyo ndi katakwe, komanso chamba kuno n'chololedwa. Akuti akakangoyerekeza kunena kwa bwana, ntchito yathera pomwepo. Tili ndi ana atatu, apongozi anga ku Ntcheu amadaliranso ife. Kodi ndikungodziopseza ndekha? Ndiwaletse kukwera?

Mayi wina wa ku Durban: Aletseni basi achemwali. Ntchito ipezeka ina, koma ana atatu kulera nokha si masewera.

Bambo woyendetsa thiraki: Zoti n'chololedwazo amuna anu asokoneza. Khothi la malamulo aakulu a dziko lino mu 2018 linalola munthu wamkulu kusuta kwake kuseri. Silinanene kuti ukasuta ukagwire chiwongolero. Ife a mathiraki amatiyeza, ndiye wa ndege akhale ndani?

Nesi wa ku Leeds: Mayi, aliyense pano agwira za chamba, koma ine chandiimitsa mutu ndi botolo lija. Ku America, bungwe lofufuza ngozi la NTSB mu 2014 linaunika zotsatira za magazi a mapayiloti 6,677 amene anafa pa ngozi kuyambira 1990 mpaka 2012. Pa mankhwala onse otha kusokoneza munthu, amene anapezeka kwambiri sanali chamba kapena kokeni ayi, koma diphenhydramine, uja amapezeka mu Benadryl wa ku America ndi m'mankhwala ambiri a chimfine ndi ogonetsa ogula popanda kalata ya dokotala. N'chifukwa chake bungwe loyang'anira za ndege ku America la FAA limauza payiloti kudikira maola 60 akamwa mankhwalawa asanauluke. Piriton wathu uja timamwa ngati maswiti ali m'gulu lomwelo la owodzeretsa. Kuipa kwake n'koti munthu amadzimva kuti ali bwinobwino, koma maso ndi manja zikuchedwa kumvana. Pa ndege yokwera m'mitambo pamakhala mpata wokonza cholakwa. Pa helikopita yothamangitsa mbawala pafupi ndi mawaya a magetsi, kuphethira kumodzi kwakwana. Afunseni amuna anu dzina la pabotolopo, chifukwa ena monga loratadine sawodzeretsa kwenikweni.

Wobisa dzina uja: Zikomo anesi. Ndawaimbira, akuti dzina sanaliwerenge, angokumbukira kuti pambali panalembedwa chenjezo la tulo. Mtima wanga wangoti myuu.

M'bale wa ku Brisbane: Ndiikepo mbali ina, tisamupachike munthu tisanamve. Kuno pa 2 Januwale 2023 mahelikopita awiri onyamula alendo anawombana m'mwamba ku Gold Coast, anthu anayi anafa. Payiloti amene anamwalira anamupeza ndi zizindikiro za kokeni m'thupi, manyuzi anachita nazo phokoso, koma a bungwe lofufuza ngozi ku Australia la ATSB anati mlingo wake unali wochepa moti n'zokayikitsa kuti unamusokoneza pouluka. Zolakwika zazikulu zinali pa kuonana ndi kulumikizana pa wailesi. Pa ngozi ya helikopita imene inapha katswiri wa basketball Kobe Bryant mu 2020, payiloti analibe mowa kapena mankhwala alionse, anasochera mu nkhungu. Choncho kupezeka ndi mankhwala si umboni woti ndiwo agwetsa ndege. Komabe mukandifunsa ngati ndingakwere ndi munthu amene wasuta usiku n'kuonjezera mankhwala a tulo m'mawa, ayi ndithu, ndikhoza kuyenda wapansi.

Bambo woyendetsa thiraki: Kumbali ya ntchitoyo, musathamangire kwa bwana. Pogwira nyama pamakhala dokotala wa ziweto, ndipo nayenso amakwera kahelikopita komweko ndi mfuti yake ya jakisoni. Moyo wake uli momwemo. Amuna anu amunong'oneze yekhayo, iye akalankhula amamveka, komanso payilotiyo ndi wa hayala, kumusintha sikuvuta. Zikakanika, bungwe loyang'anira za ndege la South African Civil Aviation Authority limalandira malipoti a zoopsa mwachinsinsi.

Mayi wina wa ku Durban: Mwachinsinsi pa famu ya antchito teni? Adziwa kuti ndi ndani dzuwa lisanalowe.

Wobisa dzina uja: Ndi mantha anga amenewo mayi. Komabe za dokotala wa ziwetozo zandigwira mtima, amuna anga amati ndi mzimayi womasuka ndipo amacheza nawo bwino. Avomera monyinyirika kuti amuuza Lolemba akabwera kudzaona njati. Helikopita ibweranso Lachinayi. Ngati alipo amene anakanapo kukwera pa ntchito ngati iyi osachotsedwa, andiuze kuti ananena mawu otani kwa bwana, chifukwa awa kwathu akangoona mzungu amangoti "yes boss".