Kapakiridwe ka katundu pa malole a asilikali opita kunyanja ya Chilwa

Mlembi wa komiti, Jali:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa amene munagwirapo ntchito yonyamula katundu. Komiti yathu yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ikukonzekera kuti mvula ikakula ndipo misewu yafumbi ya kunyanja ya Chilwa ikaonongeka, thandizo likhoza kudzabwera pa malole a asilikali, monga zinachitikira m'madera ambiri akummwera pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo anyamata athu ndiwo adzathandize kupakira. Katundu wake ndi matumba a chimanga a makilogalamu 50, migolo ya dizilo ndi ya madzi, komanso malata. Kodi choyamba kukwera n'chiti, nanga chimangidwe bwanji? Ena pakati pathu akunena kuti matumba ndi olemera kale moti safunika kumanga, bola kuwafunditsa lona. Kodi zimenezi n'zoona?

Dalaivala wopuma usilikali, Chinamwali:

Achimwene, mwachita bwino kufunsa nthawi ikadalipo, chifukwa maganizo amenewo ndi olakwika. Kulemera sikugwira katundu. Dalaivala akaponda mabuleki mwadzidzidzi, lole imaima koma katundu amapitirizabe ulendo, ndipo akakhala wolemera kwambiri ndiye amakankhanso mwamphamvu kwambiri. Muyezo wa ku Ulaya wotchedwa EN 12195 umawerengera kuti katundu angathe kukankhira kutsogolo ndi mphamvu yofika magawo 8 mwa magawo 10 a kulemera kwake, pamene m'mbali ndi kumbuyo ndi theka. Matumba 100 ndi matani 5, choncho kutsogolo kuyenera kupirira mphamvu yonga ya matani 4. Lona ntchito yake ndi kutchinga mvula ndi fumbi basi.

Musanakweze thumba ngakhale limodzi, sesani pansi pa bode kuti pasakhale matope, mafuta kapena chimanga chomwazika, pakuti njere za chimanga pachitsulo zimaterereka koopsa. Mzere woyamba wa matumba utsamire chipupa cha kutsogolo, kuseri kwa dalaivala, osasiya mpata, ndipo musanje mopingasa monga mmisiri amayalira njerwa, kuti thumba lapamwamba likhale pamene awiri apansi akumanirana. Kumanzere ndi kumanja kulemere mofanana. Katundu akakhala wochepa koma wolemera kwambiri, musamuunjike yense kutsogolo kapena kumbuyo kwenikweni, chifukwa ekiselo imodzi, chitsulo chimene chimalumikiza matayala a kumanzere ndi kumanja, idzalemedwa. Muikeni pakati, ndipo mpata wotsala kutsogolo muutseke ndi matabwa olimba.

Chinthu chimene anthu wamba sachiganizira n'chakuti lole ya asilikali ndi yaitali miyendo, yopangidwa kuti iwoloke madzi ndi matope. Bode yake ili kale m'mwamba, motero mulu ukapitirira zipupa za m'mbali, loleyo sichedwa kupendekeka tayala limodzi likagwera m'dzenje, monga zimakhalira pa msewu wopita ku doko la Kachulu, kunyanja ya Chilwa, m'dzinja. Ndi bwino kuyenda maulendo awiri kusiyana n'kusanja mulu wautali.

Wosunga katundu, Matawale:

Bambo a ku Chinamwali afotokoza bwino za matumba, ine ndionjezereko za migolo ndi malata, chifukwa ndizo zimandidetsa nkhawa kwambiri. Mgolo wa malita 200 ukadzaza madzi, madzi okhawo amalemera makilogalamu 200, pamene dizilo amalemera pafupifupi 170. Migolo iimirire chotsekera chili kumwamba, ikhale pathabwa kapena pamphira m'malo mwa chitsulo, ithinane, kenaka imangidwe pamodzi ndi lamba wozungulira musanaikokere kutsogolo. Mgolo wosadzaza ndi wovuta kuposa wodzaza, popeza madzi amathamangira uku ndi uku m'kati mwake n'kumaugwedeza. Ndikupemphaninso kuti dizilo asayende limodzi ndi chakudya, chifukwa akangodonthera pathumba, ufa wake palibe amene angaudye.

Malata agonekedwe pansi, amangidwe mtolo umodzi, ndipo mapeto ake atsamire chipupa cha kutsogolo. Lata limodzi likapulumuka pamwamba pa mulu limadula chilichonse chimene lakumana nacho. Pamene lamba akudutsa m'mphepete mwa malata, ikani chidutswa cha tayala lakale kuti asacheke.

Woyendetsa lole ya ganyu, Thondwe:

Mayi a ku Matawale, malamba okungira aja ndi abwino, koma kumudzi sapezeka, ndipo ife takhala tikunyamula chimanga ndi zingwe pa msewu wa M3 zaka zambiri popanda vuto. Chingwe chabwino chomangidwa ndi munthu wodziwa mfundo chimagwira. Chofunika n'kuima mutayenda pang'ono n'kukunganso, chifukwa matumba amakhazikika galimoto ikamagwedezeka, ndipo chingwe chimene chinali chothina ponyamuka chimakhala chitakhwepa.

Dalaivala wopuma usilikali, Chinamwali:

Za kuima n'kukunganso mwanena zoona, achimwene, ndipo pa msewu wafumbi muyenera kutero kangapo. Koma pa migolo ndi malata sindingavomereze chingwe. Lamba amakhala ndi kansalu kolembedwapo mphamvu imene angapirire, pamene mphamvu ya chingwe munthu amangoganizira, ndiponso chingwe chimatamuka ndipo mfundo iliyonse imachifooketsa. Lamba wong'ambika, wa mfundo, kapena amene kansalu kake kanachoka, asagwiritsidwe ntchito. Mukole mbedza zake m'mphete zachitsulo zopangidwira ntchitoyo, osati pa zitsulo zonyamula lona, zimene zimapindika mosavuta. Onetsetsaninso kuti lamba akutsika choimirira, osati chogona, kuchoka pamwamba pa katundu, chifukwa akagona mpaka madigiri 30 amapanikiza ndi theka chabe la mphamvu yake.

A mlembi, uzaniko anyamata anu zinthu ziwiri. Munthu asakwere pamwamba pa katundu kapena kukhala pakati pa migolo ndi chipupa cha kutsogolo, ngakhale mtunda utakhala waufupi chotani. Chachiwiri, dalaivala wa loleyo ndi mkulu amene akuyenda naye ndiwo amadziwa malire a kulemera kwa galimoto yawo ndipo ndiwo amayankha mlandu pakagwa ngozi, choncho akanena kuti matumba ena atsike, atsike pomwepo popanda kukangana.