Thandizeni: pulogalamu yokonzera zithunzi yosalipira mwezi ndi mwezi

Akuluakulu, muli bwanji nonse? Ine ndimajambula zithunzi za maukwati ndi zinkhoswe, ndipo ndikufuna kusiya Photoshop ndi Lightroom. Ntchito amagwira ndithu, koma kulipira madola mwezi uliwonse, ndi mmene ndalama zakunja zikusowera kuno kumudzi, mutu ukuwawa.

Ndaika GIMP 3 ndi darktable, zonse zaulere. Pa mafayilo a RAW (zithunzi zosakonzedwa, monga zatulukira mu kamera) darktable yandikhutiritsa, makamaka pokonza kuwala kwa diresi loyera la mkwatibwi osadetsa nkhope ya mkwati. Pamene ndaima ndi pa ma plugin a GIMP, timapulogalamu toiwonjezera ntchito. G'MIC ndikuifuna yochotsera timadontho pa zithunzi za muholo usiku, Resynthesizer yofufutira mawaya a magetsi ndi anthu odutsa kumbuyo (pa ukwati sasowa amenewa). Kodi pa Windows mumaziika mu foda iti? Nanga ma plugin akale a GIMP 2.10 ndingowataya, poti GIMP 3 inasamukira ku Python 3 (chilankhulo cholembera mapulogalamu)?

Amene mukugwiritsa ntchito Affinity, pulogalamu inanso yokonzera zithunzi, imapirira pa laputopu ya RAM ya 8GB mukatsegula zithunzi zambiri nthawi imodzi? Ndiuzeni ndisanawononge bandulo poitsitsa. Zikomo kwambiri.