Mafuta a chamba kuno ku Joni: tiyambire pati?

Funso: Abale, munthu wodwala nyamakazi angapeze bwanji mafuta a chamba movomerezeka kuno ku Johannesburg?

Yankho: Achimwene, a CBD (gawo la chamba losaledzeretsa) amagulitsidwa ku famase popanda kalata ya dokotala, bola mlingo usapitirire mamiligalamu 20 patsiku, komanso mamiligalamu 600 m'botolo lonse. Okhala ndi THC, yoledzeretsa ija, dokotala ndiye amakupemphelani chilolezo ku SAHPRA, bungwe loona za mankhwala kuno ku South Africa, kudzera mu Section 21 ya lamulo la mankhwala.

Yankho: Yambani pang'ono. Donthezani pansi pa lilime, dikirani mphindi imodzi musanameze. A THC amachedwa kugwira, mwina maola awiri. Ambiri amawonjezera msanga poganiza kuti sakugwira, kenako chizungulire, mtima uli thi thi thi.

Yankho: Chonde, ngati wodwalayo akumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, aonane kaye ndi dokotala. CBD imachedwetsa chiwindi kuchotsa mankhwalawo m'thupi, magazi n'kumavuta kuundana.