Diazepam sakuletsa khunyu ya pilocarpine pa makoswe anga

Wophunzira wa mu labu:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikugwiritsa ntchito lithium ndi pilocarpine poyambitsa khunyu pa makoswe a kafukufuku. Dzulo lake ndimabaya lithium chloride 127 mg/kg, tsiku lenilenilo methylscopolamine (wochepetsa zovuta za pilocarpine m'thupi) 1 mg/kg, pakapita mphindi 30 pilocarpine 30 mg/kg. Khunyu ikagwira osalekeza ndimadikira mphindi 90, kenako diazepam 10 mg/kg pamimba. Khoswe amagona, kuphupha kumachepa, ine n'kumati zatheka. Koma m'mawa ndikumapeza ena atafa, sabata yathayi anayi mwa khumi. Nditabwereza diazepam kachiwiri ndiye kupuma kunavuta. Ndikweze mulingo kapena ndisinthe mankhwala?

Mayi wa EEG:
Achimwene, musanakweze chilichonse, makoswewo ali ndi mawaya a EEG, oyeza magetsi a mu ubongo? Chifukwa ngati mukuweruza ndi maso okha pa sikelo ya Racine, yogawa kukula kwa kuphupha m'masiteji, mukuona thupi basi. Diazepam amafooketsa minofu ndi kugoneka nyama, ndiye khoswe amaoneka ngati wapeza bwino pomwe ubongo ukadali pamoto. Ine ndaonapo mizere ikuvinabe usiku wonse khoswe ali phee. Ena amalekadi kwa kanthawi, diazepam akatha mphamvu khunyu n'kubwerera inu muli kunyumba.

Wophunzira wa mu labu:
Mawaya tili nawo ochepa, mayi, ndimawasungira gawo lachiwiri la kafukufuku. Pano ndimangojambula vidiyo.

Mayi wa EEG:
Tengani atatu kapena anayi muwaike pano. Mukataya makoswe ambiri chonchi gawo lachiwirilo simudzalifika.

Mkulu wa zamankhwala:
Vuto lanu ndi lakale ndipo si dzanja lanu ayi. Kapur ndi Macdonald anaonetsa mu 1997 kuti pa makoswe, diazepam wofunika kuletsa khunyu mwa theka la nyama anali pafupifupi 4 mg/kg akabayidwa patatha mphindi 10, koma anafika cha m'ma 40 mg/kg patatha mphindi 45. Kakhumi konse. Inuyo mukubaya 10 mg/kg pa mphindi 90, ndiye onani nokha.

Chimachitika n'chakuti khunyu ikamapitirira, ma receptor a GABA-A, malo amene diazepam amagwirapo, amachoka pakhungu la selo pa synapse, pokumanira maselo a ubongo, n'kulowa mkati mwa selo. Mankhwala afika, koma pogwira pachepa. Nthawi yomweyo ma receptor a NMDA, malo amene glutamate wodzutsa maselo a ubongo amagwirapo, amachulukana pa synapse, ndiye glutamate akuwonjezera moto pamene chozimitsira chafooka. N'chifukwa chake kukweza diazepam kumangopha kupuma, pomwe khunyu ikupitirira. Pentobarbital nayenso payekha ali ndi vuto lomweli la kupuma.

Njira imene ambiri atsata ndi kuphatikiza mankhwala ogwira malo osiyana, uliwonse pamulingo wochepa. Martin ndi Kapur mu 2008 anapeza kuti ketamine, amene amatseka NMDA, akaphatikizidwa ndi diazepam amaletsa khunyu imene aliyense payekha ankailephera. Gulu la Wasterlain ku Los Angeles linapitiriza ndi atatu: midazolam, ketamine ndi valproate. Ku Hannover, gulu la Löscher linalemba mu 2015 za diazepam, phenobarbital ndi scopolamine, ndipo amabaya mobwereza pakapita maola angapo kuti khunyu isabwerere.

Wophunzira wa mu labu:
Zikomo bambo. Ndiye ndingotenga ketamine, poti alipo kale m'kabati ya mankhwala ogonetsa?

Mkulu wa zamankhwala:
Dekhani pang'ono. Funso la kafukufuku wanu ndi lotani? Ngati mukuyesa mankhwala oletsa khunyu yosalekezayo, ketamine ndi woyenera kumuyerekeza ndi ena. Koma ngati mukufuna makoswe apulumuke kuti patapita masabata azigwa khunyu okha, muziyeza kuwonongeka kwa gawo la ubongo lotchedwa hippocampus, ketamine amateteza maselo a ubongo. Mudzapeza CA1, kachigawo ka hippocampus, yawonongeka pang'ono, n'kumanamizira mankhwala amene mukuyesawo.

Wophunzira wa mu labu:
Ndi chachiwiricho. Ndikufuna khunyu yobwera pambuyo pake, ndidzayese mankhwala oiteteza.

Mkulu wa zamankhwala:
Ndiye ine ndikanayamba ndi za ku Hannover zija, ndipo makoswe onse, oyesedwa ndi ofananizira omwe, alandire chimodzimodzi pa mphindi yomweyo. Phenobarbital nayenso amateteza maselo pang'ono, palibe woyera pamenepa, koma aliyense akaletsedwa pa nthawi yofanana kusiyana kwa magulu kumakhala ndi tanthauzo.

Katswiri wosamalira nyama:
Ndilowerereko pa scopolamine, chifukwa ife tinapsa nazo. Wina pa labu pathu anaona kuti methylscopolamine ali kale pa shelefu n'kuganiza kuti ndi yemweyo. Ayi. Methylscopolamine salowa mu ubongo, ntchito yake ndi kuchepetsa malovu, kutsegula m'mimba ndi zina za m'thupi, n'chifukwa chake mumamubaya pilocarpine asanalowe. Wa m'gulu loletsa khunyulo ndi scopolamine weniweni, wolowa mu ubongo. Werengani botolo kawiri.

Dokotala wa zinyama:
Ine nkhawa yanga ili pa usikuwo. Imfa zambiri pa ntchitoyi sizibwera ndi khunyu yokha. Khoswe akamaphupha thupi limatentha kwambiri, akagonekedwa limazizira msanga, madzi atha m'thupi, shuga wasokonekera, ndipo sadya. Mukangobaya mankhwala oletsa, mpatseni madzi a saline kapena Ringer ofunda pansi pa khungu, mubwereze madzulo ndi m'mawa kwa masiku angapo. Ikani chofunditsa pansi pa theka la khola lokha kuti akadzuka athe kuchokapo, ndipo muziyeza kutentha, osangoganizira. Chakudya chonyowetsa chikhale pansi pafupi ndi mlomo, maso apakidwe mafuta asaume. Muziwayeza kulemera tsiku lililonse, ndipo malire a kulemera kumene nyama ikataya muyenera kuipha mosaimvetsa ululu akhale olembedwa musanayambe.

Chinanso, pilocarpine 30 mg/kg kamodzi amapha ambiri. Ena amabaya 10 mg/kg mphindi 30 zilizonse mpaka khunyu itagwira, ndipo imfa zimachepa. Zimatenga nthawi, mumakhala chiimire ndi wotchi, komabe nyama zimapulumuka.

Zonsezi musachite mawa m'mawa. Kusintha mankhwala, mulingo ndi kuika mawaya ziyenera kudutsa ku komiti yoona za chisamaliro cha nyama kaye.

Mayi wa EEG:
Ndipo mphindi 90 mukuziwerenga kuyambira pati? Ena amayamba pa kuphupha koyamba kwa siteji 4, ena pamene EEG yayamba kuwomba mosalekeza. Ziwirizi zimasiyana mphindi zingapo, ndipo mwaona kale zomwe mphindi zimachita kwa diazepam.

Wophunzira wa mu labu:
Ndimayambira pa siteji 4, koma kunena zoona mnzanga amene timasinthana naye amayambira pa siteji 3. Sitinakambiranepo.

Mayi wa EEG:
Eee, achimwene.

Wophunzira wa mu labu:
Ndamva. Ndalemba pempho ku komiti: pilocarpine wa pang'onopang'ono, diazepam ndi phenobarbital ndi scopolamine mobwereza, makoswe anayi a mawaya oyesera kaye, ndi madzi ofunda kawiri patsiku. Adokotala, ndikutumizirani pepala la chisamaliro cha usiku muliyang'ane lisanapite.

Dokotala wa zinyama:
Tumizani. Mulembepo dzina la amene adzadzuke kubaya jakisoni wachiwiri uja, chifukwa nthawi yake idzagwera usiku.