Tigule Optimal Workshop kapena tingodula makatoni?

Adeputi a laibulale: Moni nonse. Komiti yokonzanso webusaiti ya laibulale yapempha kuti pa bajeti ikubwerayi tiikepo ndalama yolembetsera Optimal Workshop kwa chaka chathunthu. Kwa amene simunaionepo, ndi pulogalamu ya pa intaneti ya kampani ya ku Wellington, ku New Zealand. Ili ndi OptimalSort, pomwe munthu amapatsidwa timakadi ta mayina a zinthu n'kutisanja m'magulu momwe iye akuonera. Ilinso ndi Treejack, pomwe mumamuonetsa mamenyu okhaokha opanda zithunzi n'kumuuza kuti apeze, mwachitsanzo, mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, pulogalamuyo n'kumalemba pamene wadina ndi pamene wasochera. Malipiro ake ndi a madola. Ndisanasaine ndikufuna ndimve maganizo anu.

Bambo a ICT: Ine ndikuti tigule, bwana. Webusaiti yathu inasanjidwa motsata maofesi athu, osati motsata zimene wophunzira amabwerera. Katalogi ya mabuku, imene ili mu pulogalamu ya Koha, ili pa linki yakeyake, mathesisi amene timasunga mu pulogalamu ya DSpace ali kwina, Research4Life, powerengera majenolo a pa intaneti, inabisika pansi pa menyu yachitatu. Tikamanganso mongoganiza tokha mu komiti, tidzangosintha mitundu, kusochera kudzakhala komweko.

Achimwene a ku akaunti: Vuto la webusaitiyo sindikulikana. Koma kumbukirani kuti chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cholipira m'madola chinatilemera, ndipo madolawo kuti apezeke pamafunika kudikira. Thumba lake ndi lomwelo limene timatengamo chopereka chathu cha majenolo ku MALICO, bungwe la malaibulale a m'Malawi muno. Mundiuze chimene tichotse kuti ichi chilowe.

Mayi a ku kauntala: Ndiloleni ndilankhuleko motalikirapo, poti ndine ndimakumana nawo anawa tsiku ndi tsiku. Mafunso amene amafika pa kauntala ndi omweomwewo: mutseka nthawi yanji, mapepala akale a mayeso ali pati, ndiwonjezera bwanji masiku a buku, pasiwedi ya Hinari, ya majenolo a zaumoyo, ndi chiyani. Mayankho ake onse ali pa webusaiti, koma sawapeza. Ena amafika mpaka chaka chachitatu asakudziwa kuti batani lolembedwa OPAC ndiye pofufuzira mabuku.

Kuti tione zimenezi sipafunika madola. Timuitane wophunzira mmodzi, akhale pansi ndi foni yake yomwe, timupatse ntchito zisanu, tizimuuza kuti azilankhula zimene akuganiza pamene akudina, ife tikhale chete tizilemba. Kukhala chete ndiye kovuta, chifukwa ife a laibulale tinazolowera kuthamangira kuthandiza. Jakob Nielsen analemba m'chaka cha 2000, potengera ntchito imene anachita ndi Tom Landauer mu 1993, kuti anthu asanu amavumbula pafupifupi 85 peresenti ya zovuta za webusaiti, ndipo kuli bwino kuyesa ndi asanu, kukonza, n'kuyesanso ndi asanu ena. Za timakadi, makatoni a mapepala a printa ali mbwee ku sitolo. Tidule, tilembe ndi maka, tiyale patebulo. Komanso patebulo umatha kumufunsa munthu kuti bwanji kadi iyi waiika apa, zimene pulogalamu sikufunsira.

Bambo a ICT: Mayi, anthu asanuwo ndi a kuyesa kwa maso ndi maso kumene mwafotokozako, ndipo pamenepo tikugwirizana. Koma pa kusanja makadi, Nielsen yemweyo mu 2004 anati pafunika anthu 15, ndipo Tullis ndi Wood anapeza kuti 20 mpaka 30 ndiye abwino. Tiyerekeze makadi 40 ndi anthu 20. Ndani akhale pansi kuwerenga kuti kadi iliyonse yakhala pamodzi ndi inzake kangati? Pulogalamuyi imatulutsa tebulo limenelo ndi chithunzi cha magulu nthawi yomweyo. Chimene tikugula ndi nthawi.

Achemwali a ku katalogi: Kuwerengako kumatheka mu Excel, bambo, ngakhale n'kotopetsa. Komanso anzathu a masamu ali ndi pulogalamu ya R, yaulere, imene imajambula magulu omwewo. Wophunzira wa chaka chachinayi atha kuitenga ngati polojekiti yake, ife n'kupindula, iye n'kupeza mutu weniweni wolembapo. Ndikuonjezeranso kuti tisanakhudze kanthu tiyeze webusaiti yakaleyi ndi System Usability Scale ya John Brooke ya mu 1986. Ndi mafunso 10 okha ofunsa munthu ngati webusaiti ndi yosavuta kugwiritsa ntchito, ndipo mawebusaiti apakatikati amapeza cha m'ma 68 pa 100. Tikamaliza tiyezenso. Pamenepo tidzakhala ndi nambala yokaonetsa kwa akuluakulu.

Aphunzitsi a ODeL: Zikomo bwana pondiika m'gululi. Ndawerenga zonse, ndipo nkhawa yanga ndi yakuti tebulo la makadilo lili pasukulu pano. Ophunzira anga a ODeL, amene amaphunzira ali kutali, ndi aphunzitsi ndi anamwino amene ali pantchito ku Chitipa, ku Nsanje, ku Mchinji. Amabwera masabata ochepa, kenako amabwerera. Wa pasukulu akasochera pa webusaiti amangoyenda kupita kwa Mayi pa kauntala. Wanga akasochera amasiya, n'kulemba asainimenti ndi zimene wapeza pa Google. Laibulale yawo yonse ndi webusaitiyo. Tikafunsa okhawo ogona m'mahositelo, tidzakonzera anthu amene ali kale ndi pothawira. Linki ya Treejack nditha kuiponya pa magulu awo a WhatsApp usiku umodzi. N'chifukwa chake ine ndili mbali ya Bambo a ICT.

Woimira ophunzira: Pepani ndilowererepo, makolo anga. Ambiri a ife timagula bandulo ya WhatsApp yokha. Linki yotuluka kunja siitseguka ndi bandulo imeneyo. Oyankha adzakhala amene ali ndi Wi-Fi kuntchito kapena ndalama ya bandulo yonse, ndipo amenewo si amene akuvutika kwambiri. Komanso kukoka makadi 40 ndi chala pa sikirini ya foni yaing'ono, netiweki ikudukaduka, munthu amalekera panjira. Ngati ndalama ilipo, ina ipite ku mayunitsi a oyankhawo.

China, tili ndi anzathu osaona amene amagwiritsa ntchito NVDA ndi JAWS, mapulogalamu owawerengera mokweza zolembedwa pa sikirini. Iwowa amati pali malinki amene pulogalamu imangowerenga kuti "click here" kambirimbiri osanena kumene akupita. Zimenezi makadi sangazionetse, kaya a pepala kaya a pa intaneti. Pafunika kukhala nawo pansi.

Bambo a ICT: Za anzathu osaonawo wanena zoona, mphwanga. Tidzatsata WCAG 2.2, ndondomeko yokonzera mawebusaiti kuti olumala aziwagwiritsa ntchito, imene inatuluka mu Okutobala 2023, ndipo kuyesa kwake ndi kwa iwowo, palibe pulogalamu yolowa m'malo mwawo. Za bandulo ndavomeranso. Koma Treejack ndi mawu okhaokha, ndi yopepuka kuposa kusanja makadi. Ngati ndalama ndiye vuto, tiikeko Microsoft Clarity, yaulere, tizionako pamene anthu amadina kwambiri ndi pamene amalekera.

Mayi a ku kauntala: Clarity imajambula mmene munthu akuyendera pa tsamba, si choncho? Ndiye pa bokosi lofufuzira ine sindingalole. Mwana akamafufuza za HIV, za mimba kapena za nkhanza za m'banja, imeneyo ndi nkhani yake. Laibulale siulula zimene munthu akuwerenga, ngakhale kwa mphunzitsi wake.

Bambo a ICT: Zolemba m'mabokosi zimabisika, mayi, koma nkhawa yanu ndaimva, poti mawu ofufuzawo amatha kuonekanso pa adiresi ya tsamba la zotsatira. Titha kuika Matomo, pulogalamu ina yoonera mmene anthu akuyendera pa webusaiti, pa seva yathu yomwe, kuti chilichonse chikhale konkuno.

Adeputi a laibulale: Pamenepa Mayi akhudza chinthu chimene komiti sinalembe m'pempho lake. Tili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo kaya tigula kaya sitigula, aliyense wotenga mbali asaine chilolezo, adziwe kumene mayankho ake akupita, ndipo tisasunge mayina kapena manambala a regisitireshoni. Ngati wophunzira aitenga ngati polojekiti, idutse ku komiti yoona za kafukufuku.

Achimwene a ku akaunti: Funso langa n'limodzi basi. Chaka chonsecho mudzaigwiritsa ntchito kangati? Ndikuona ngati ndi masabata ochepa, kenako izingokhala.

Bambo a ICT: Tikachita bwino ndi kangapo: mamenyu akale, mamenyu atsopano, kenako tikakonza. Koma kunena zoona si miyezi 12.

Aphunzitsi a ODeL: Ine sindinasinthe maganizo, ophunzira akutali ayenera kufunsidwa ali kwawo komweko, pa foni ndi netiweki imene amagwiritsa ntchito masiku onse. Pa Wi-Fi ya pasukulu zonse zimaoneka zachangu. Komabe akubwera kudzachita maphunziro a maso ndi maso tchuthi chikubwerachi. Mundipatse makadiwo, ndipereka ola limodzi la kalasi yanga, bola Treejack isafe.

Adeputi a laibulale: Chabwino. Za chaka chathunthu sindisaina pano. Mayi ndi Achemwali, dulani makadi, muyambe ndi a pasukulu, kenako a ODeL akafika. Woimira ophunzira, tithandize kupeza anzanu osaona amene angalole kukhala nafe. Mamenyu atsopano akakhala pa pepala, Bambo a ICT muwalembere a kampaniwo za mtengo wa nthawi yochepa ndi wa masukulu, tidzaone ngati tingayese ndi akutali aja, ndipo mayunitsi awo alowe mu bajeti yomweyo.

Bambo a ICT: Ndamva bwana, ngakhale ndikuonabe kuti kuwerenga pamanja kutidyera mwezi. Pakadali pano mundilole ndikweze nthawi yotsegulira ndi linki ya mapepala a mayeso pamwamba pa tsamba loyamba. Zimenezo sizikudikira kafukufuku.

Achemwali a ku katalogi: Dikirani kaye mpaka Lachisanu, bambo. Tiyeze yakaleyi isanasinthe.