Bruce Lee, Jackie Chan, Jet Li ndi Donnie Yen: woyamba ndani pa mafilimu a nkhonya ndi mateche?

Chitsulo cha Njanji:

Moni kwa nonse okonda mafilimu a karate ndi kung fu. Ndabwera ndi funso limene limautsa mkangano nthawi zonse pakati pa ife amene tinakulira m'nyumba zoonetsera mavidiyo, ndipo ndikupempha kuti tilikambirane mofatsa, aliyense apereke zifukwa zake. Kodi akatswiri anayi awa, Bruce Lee, Jackie Chan, Jet Li ndi Donnie Yen, tingawandandalike bwanji kuyambira woyamba kufikira womaliza? Sindikufunsa kuti ndani akanagwetsa mnzake akanakumana pamsewu, chifukwa funso limenelo palibe amene angaliyankhe. Ndikufunsa za ntchito imene anatisiyira pa kanema.

Mndandanda wanga uli chonchi. Woyamba ndi Bruce Lee, popeza ndiye anatsegula njira imene enawo anadzadutsamo, ndipo Fist of Fury ya mu 1972 ndi Enter the Dragon ya mu 1973 mpaka lero zikadali zoonereka. Wachiwiri ndi Jet Li, chifukwa cha ukhondo wa kamenyedwe kake mu Once Upon a Time in China ya mu 1991 ndi Fist of Legend ya mu 1994. Wachitatu ndi Donnie Yen, amene Ip Man ya mu 2008 inamukweza kwambiri. Jackie Chan ndamuika kumapeto, ndipo ndikudziwa kuti ena mukhumudwa nazo. Chifukwa changa n'chakuti iye amasandutsa ndewu kukhala nthabwala: amathawa, amabisala pansi pa tebulo, amagwedeza dzanja kuti lamupweteka akamenya mnzake, ndipo munthu woonera sumachita naye mantha. Ngati pali amene akuona mosiyana, anditsutse ndi umboni wa mafilimu enieni.

Mphunzitsi Wopuma wa ku Zomba:

A Chitsulo, zikomo chifukwa cha funso lokonzedwa bwino, koma mndandanda wanu ine ndiutembenuza, ndipo amene inu mwamuika kumchira ndiye ndimuika patsogolo. Muyeso wanga ndi umodzi wokha: kodi kamera ikutionetsa chiyani chimene thupi la munthuyo lachitadi, ndipo kodi ndewuyo ikufotokoza nkhani kapena ikungodzaza nthawi? Pa muyeso umenewu palibe amene amafika pamene Jackie Chan anafika pakati pa 1978 ndi 1994.

Tiyambe ndi kumene anachokera. Ali mwana anaperekedwa ku sukulu ya zisudzo za Chitchaina ku Hong Kong, ya mphunzitsi Yu Jim-yuen, kumene anakulira limodzi ndi Sammo Hung ndi Yuen Biao, akuphunzira kudumpha, kugwa ndi kuyimba kuyambira m'bandakucha mpaka usiku. Ntchito yake yoyamba pa mafilimu akuluakulu inali yomenyedwa ndi kugwetsedwa m'malo mwa ena, ndipo mukaonetsetsa mu Enter the Dragon mumuona ali m'gulu la alonda amene Bruce Lee akuwasasantha m'phanga la pansi pa nthaka. Bruce Lee atamwalira, wotsogolera mafilimu Lo Wei anayesa kumusandutsa Bruce Lee wachiwiri mu New Fist of Fury ya mu 1976, koma anthu sanaikonde. Chimene chinamupulumutsa n'chomwecho chimene inu mukumunyozera. Mu 1978, pansi pa Yuen Woo-ping, anatulutsa Snake in the Eagle's Shadow ndi Drunken Master, m'mene ngwazi yake ndi mnyamata wopulupudza amene amamenyedwa, kulira ndi kuphunzira movutikira. Anasankha dala kukhala wosiyana ndi Bruce Lee, ndipo nthabwala zakezo anazitengera kwa akatswiri a mafilimu akale opanda mawu monga Buster Keaton ndi Harold Lloyd.

Tsono taonani zimene anachita atayamba kudzitsogolera yekha. Mu Project A ya mu 1983 analendewera pa muvi wa wotchi ya pansanja, n'kugwa kudutsa m'nsalu zotchinga dzuwa mpaka kukafika pansi, ndipo kugwako anakubwereza kuti kamera ikugwire bwino. Mu Police Story ya mu 1985 anatsetsereka pa mtengo wachitsulo wokulungidwa ndi mababu oyaka m'nyumba ya masitolo, manja ake n'kupsa, ndipo filimu imeneyo inapambana mphoto ya filimu yabwino koposa pa Hong Kong Film Awards. Pojambula Armour of God ku Yugoslavia anagwa mumtengo n'kusweka chigaza, ndipo anapulumukira pa opaleshoni. Sindikunena kuti kuvulala ndiko luso. Ndikunena kuti munthu amene akuchita yekha zinthu zimenezi amalola kamera kuima patali ndi kujambula kwa nthawi yaitali osadula, kotero kuti woonera amaona mutu ndi mapazi a omenyanawo pa nthawi imodzi, amaona kumene nkhonya yachokera ndi kumene yatera. Mafilimu ambiri a ku Hollywood amadula chithunzi pa nthawi imene nkhonya ikutera, kuti abise zoti wosewerayo sadziwa kumenya. Ngakhale Jackie Chan mwini wake amaoneka wofooka mu Rush Hour ya mu 1998 poyerekeza ndi mafilimu ake a ku Hong Kong, ndipo chifukwa chachikulu n'chakuti kumeneko analibe mphamvu pa kamera ndi pa kadulidwe ka zithunzi.

Pa za mantha amene mukuti simuchita naye, ine ndikuona kuti pamenepo ndi pamene pagona mphamvu yake. Bruce Lee akalowa m'chipinda umadziwiratu kuti apambana. Jackie Chan amayamba ndewu ali pa mavuto, alibe nsapato, kapena wanyamula chinthu chimene sichiyenera kusweka, kapena adani ndi ochuluka, ndipo umakhala ukudzifunsa kuti atuluka bwanji. Makwerero, mpando, ambulera ndi furiji zimasanduka zida. Ndewu yomaliza ya mu Drunken Master II ya mu 1994, imene amalimbana ndi Ken Lo m'fakitale ya zitsulo mpaka kukwawa pa makala a moto, palibe nthabwala yopepuka m'menemo. Wachiwiri kwa ine ndi Bruce Lee, kenako Jet Li, kenako Donnie Yen.

Mdzukulu wa Amfumu:

Aphunzitsi, mwalankhula mwanzeru, koma mwamulakwira Bruce Lee pomuyeza ndi muyeso umene iye sanapatsidwe nthawi yoti aukwaniritse. Munthuyu anabadwa mu 1940 ku San Francisco ndipo anamwalira pa 20 July 1973 ku Hong Kong ali ndi zaka 32 zokha. Mafilimu amene anamaliza ali wamkulu komanso ali mwini nkhani ndi anayi: The Big Boss ya mu 1971, Fist of Fury, Way of the Dragon ndi Enter the Dragon, ndipo yomalizayi inafalikira m'maiko iye atagona kale m'manda. Jackie Chan wakhala ndi zaka zoposa makumi anayi zoyesa, kulephera ndi kukonza.

Ndikuvomera kuti si zonse za Bruce Lee zimene zili zabwino. The Big Boss imachedwa kutentha, ndipo kwa nthawi yaitali iye amangoonerera chifukwa cha lonjezo limene anapanga loti sadzamenyananso. Game of Death ya mu 1978 ndi yochititsa manyazi, popeza anaimaliza ndi anthu ena ovala magalasi akuda obisa nkhope, ndipo chaphindu m'menemo ndi mphindi zochepa za kumapeto pamene Bruce Lee weniweni wavala zachikasu. Koma tengani ndewu yake ndi Chuck Norris mu Way of the Dragon, filimu imene analemba ndi kutsogolera yekha. Poyamba akugonja chifukwa akumenya mouma, kenako akusintha, akuyamba kudumphadumpha mopepuka ndi kuwerenga mayendedwe a mdani wake, ndipo atamupha akumufunditsa malaya ake a karate ndi lamba wakuda mwaulemu. Imeneyo ndi nkhani yofotokozedwa ndi thupi, yomwe aphunzitsi akuti amaifuna, ndiponso ndi chiphunzitso chake cha kamenyedwe chotchedwa Jeet Kune Do choonetsedwa popanda kuchilalikira.

Palinso china chimene muyeso wa kamera sungagwire. Mu Fist of Fury, nkhani yake ili ku Shanghai pa nthawi imene alendo ankapondereza eni dziko, ndipo pamene iye akubweza ku sukulu ya Ajapani chikwangwani chonyoza Atchaina, kapena pamene akuphwanya ndi theche chikwangwani choletsa agalu ndi Atchaina kulowa m'paki, anthu a m'maiko amene analawa utsamunda anamva kuti akuwalankhulira. N'chifukwa chake anakondedwa kwambiri ndi anthu akuda a ku America ndiponso kuno ku Africa. Asanafike iye, Hollywood inkapatsa mwamuna wa ku Asia mbali ya wantchito kapena ya chigawenga, ndipo iye mwini anali wothandizira chabe, Kato, mu The Green Hornet. Pa chifukwa chimenechi ndikugwirizana ndi a Chitsulo kuti mpando woyamba ndi wake.

Nachisale wa ku Chilomoni:

Abambo inu, ndawerenga zonse, ndipo ndikudabwa kuti mndandanda wa anthu anayi mulibe mkazi ngakhale mmodzi, chonsecho muyeso umene aphunzitsi apereka ukumukwana Michelle Yeoh kuposa ena mwa amene mwawatchula. Mayi ameneyu anabadwira ku Ipoh m'dziko la Malaysia ndipo anaphunzira kuvina ku London, osati karate, koma mu Yes, Madam ya mu 1985, pamodzi ndi Cynthia Rothrock, anachita yekha zoopsa zimene amuna ambiri ankazisiyira owalowa m'malo. Mu Police Story 3 ya mu 1992, ku Kuala Lumpur, anadumpha ndi njinga yamoto n'kukatera pamwamba pa sitima yoyenda, m'filimu ya Jackie Chan yemweyo. Kuwonjezera apo amadziwa kusewera ndi nkhope, chinthu chimene Jet Li chimamuvuta. Onerani Crouching Tiger, Hidden Dragon ya mu 2000 muone mmene akubisira chikondi chake kwa zaka zambiri osatchula mawu, ndipo mu 2023 analandira Oscar ya mkazi wosewera bwino koposa chifukwa cha Everything Everywhere All at Once, kukhala mkazi woyamba wa ku Asia kulandira mphoto imeneyo.

Za Jet Li, a Chitsulo mwamukweza mopitirira. N'zoona kuti ali mnyamata anali katswiri wa dziko lonse la China pa masewera a wushu (luso la kamenyedwe la Chitchaina), ndipo mu 1974 anakaonetsa luso lake pamaso pa Pulezidenti Richard Nixon ku White House. Shaolin Temple ya mu 1982 ikuonetsa luso limenelo lili losasakaniza. Koma mu Once Upon a Time in China zambiri zimene zimatisangalatsa ndi zingwe zomunyamula m'mwamba, ndipo atavulala mwendo pojambula, mbali ina ya ndewu ya pamakwerero inaseweredwa ndi omulowa m'malo. Ulemu wa filimu imeneyo ugawidwe ndi Tsui Hark amene anaitsogolera. Fist of Legend yokha ndiyo ndingaiteteze popanda kukayika, chifukwa zingwe ndi zochepa ndipo nkhonya zikumveka kulemera.

Kabaza wa ku Area 25:

Ine ndingofunsa akuluakulu kuti Jean-Claude Van Damme mwamusiyiranji, popeza m'nyumba zoonetsera mavidiyo Bloodsport ya mu 1988 ndi Kickboxer ya mu 1989 zinkadzaza mabenchi kuposa mafilimu ena amene mukuwatamandawa. Ndikudziwa kuti theche lake limodzi amalionetsa katatu, mochedwetsa, kuchokera mbali zosiyana, ndipo pa muyeso wa aphunzitsi sangapite patali. Komabe Bolo Yeung, amene analinso mu Enter the Dragon, sanaopsepo monga mmene anaopsera mu Bloodsport. Ndionjezere kuti ana a masiku ano amene amaonera mafilimu omasuliridwa m'Chichewa sangamve mkangano wa a Chitsulo wa nthabwala ndi ukali, chifukwa omasulira aja amamuika nthabwala m'kamwa aliyense, ngakhale amene akulira maliro a mphunzitsi wake.

Mphunzitsi Wopuma wa ku Zomba:

Mayi Nachisale, mfundo yanu ndailandira, ndipo Michelle Yeoh ndingamuike pamwamba pa Jet Li ndi Donnie Yen. A Mdzukulu, zimene mwanena za Fist of Fury ndi zoona, koma mwasintha funso: mukuyeza zimene Bruce Lee anachitira dziko, pamene a Chitsulo anafunsa za mafilimu. Enter the Dragon inatsogoleredwa ndi Robert Clouse, ndipo mukachotsamo Bruce Lee ndi ndewu yake ya m'chipinda chodzaza ndi magalasi odziyang'anira, chotsala ndi nkhani wamba ya kazitape pachilumba cha chigawenga.

Donnie Yen sitinamukambe mokwanira. Ip Man ndi filimu yokoma, ndipo ndewu yake ndi Ajapani khumi ku Foshan inakonzedwa ndi Sammo Hung, mnzake wa Jackie Chan wa kusukulu uja, ngakhale kuti zambiri zimene filimuyo imanena za moyo wa Ip Man, mphunzitsi wa Bruce Lee, ndi zopeka. Pofika pa Ip Man 3 ya mu 2015, pamene akulimbana ndi Mike Tyson, nkhani inali itatha ndipo kunatsala malonda. Amene akufuna kumuweruza mwachilungamo aonere SPL ya mu 2005 ndi Flash Point ya mu 2007, m'mene anabweretsa kugwetsana pansi ndi kukanyanga pakhosi kumene mafilimu a kung fu ankakupewa. A Chitsulo, ndikupempheni kuti muonere ndewu ya m'nyumba ya masitolo mu Police Story, kenako ndewu iliyonse ya Jet Li mu Romeo Must Die ya mu 2000, ndipo pa iliyonse muwerenge kuti ndi nkhonya zingati zimene mwaziona zikuchoka ndi kutera kamera isanadule. Mukatero mubwere mutiuze ngati Jackie Chan akadali wachinayi.